MySQL zitatu pa seva imodzi ku Ngabu, patatha chilimwe ndi dzinja

Gulu la alimi limene ndimasamalira makompyuta ake kuno ku Ngabu lili ndi seva imodzi yokha, ya Ubuntu 22.04, RAM yake 8 GB. Pamenepo pakuyenda MySQL (pulogalamu yosunga madatabase) zitatu, iliyonse ndi port yake, nambala ya khomo lolowera pa netiweki: ya ngongole za mamembala pa port 3306, ya sitolo ya mbewu ndi mankhwala a thonje pa 3307, ndi yoyeserapo zinthu pa 3308. Iliyonse ili ndi foda yake ya data, socket yake (fayilo yolumikizirana nayo mkati mwa seva momwemo) ndi fayilo yake ya pid (yosunga nambala ya pulogalamu imene ikuyenda). Zapirira kutentha kwa Okutobala, zadutsanso mvula yonse, ndiye tsopano ndikhoza kuyankhulapo.

Chimene ndinkafuna ndinachipeza. Ndikafuna kusintha kena kake pa ya sitolo, ndimaizimitsa ndi lamulo la systemctl n'kuiyatsanso, mayi olandira ndalama za ngongole osadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu. Ya 3308 ndiyo yandithandiza koposa. Kumapeto a mwezi ndimatenga backup (kope la data) yopangidwa ndi pulogalamu ya mysqldump n'kuithira mmenemo kuti ndione ngati ikutsegukadi, pakuti backup yosayesedwa ine sindiiwerengera.

Zovuta zoyambirira zinali zazing'ono. AppArmor, chitetezo cha mu Ubuntu, imakana kuti mysqld (pulogalamu ya seva ya MySQL) ilembe mu foda imene sinaloledwe, ndipo MySQL 8.0 imatsegulanso port 33060 ya X Plugin (njira ina yolumikizirana nayo), choncho yachiwiri ndi yachitatu zimafuna mysqlx_port zawozawo. Zimenezi ukakonza kamodzi basi zatha.

Chimene sichitha ndi nkhani ya localhost, dzina limene kompyuta imadzitchula yokha. Ukalemba mysql -P 3307 osatchula host (adilesi ya seva), pulogalamuyo imatenga localhost n'kulumikiza kudzera pa socket osalabadira port, ndipo umalowa mu ya 3306 uli ndi mtima wonse kuti uli m'sitolo. Mnyamata wina amene amaphunzira ntchito pano anandiyitana tsiku lina nkhope itagwa: "Achimwene, matebulo a feteleza asowa onse!" Sanasowe. Anali atalowa kwa ngongole. Kuyambira pamenepo aliyense amalemba -h 127.0.0.1, ndipo asanafufute chilichonse amayamba wafunsa SELECT @@port kuti aone port imene walowa.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ndi mabanja atatu, zipinda zosiyana, denga limodzi. RAM ndi imodzi, diski ndi imodzi, waya wa magetsi ndi mmodzi. Buffer pool ya InnoDB, gawo la RAM limene MySQL imasungiramo data imene ikugwiritsa ntchito, imayambira pa 128 MB, ndipo malangizo ambiri pa intaneti amati uikweze mpaka itenge mbali yaikulu ya RAM. Amanena za seva ya MySQL imodzi. Ukatero kwa zitatu, memore ikatha Linux imapha imodzi mwa izo, ndipo sifunsa kuti yofunika ndi iti. Ine ndinapereka 2 GB kwa ngongole, 1 GB kwa sitolo, yoyesera n'kuisiya mmene inabwerera. Nthawi yogula thonje, lipoti lalikulu la ngongole likamayenda, kusitolo malisiti amachedwabe kutuluka chifukwa onse akulimbirana diski.

Kutentha kwa kuno, kumene kumapitirira madigiri 40, sikusankhanso. Fani ikadzaza fumbi, zonse zitatu zimafooka limodzi. Magetsi akathima UPS (batire la seva) n'kutha mphamvu, zonse zimagwa, ndipo podzuka iliyonse imayamba yawerenga redo log yake (kaundula wa zosintha zaposachedwa) pa diski yomweyo. Data sitinatayepo, koma mzere panja umakhala utatalika. Backup ndiye sindiisiya mu ofesi muno. Aliyense amene anaona madzi a namondwe Freddy mu 2023 akudziwa chifukwa chake.

China chimene anthu saganizira: apt (chida choikira mapulogalamu mu Ubuntu) ikakweza MySQL, yakweza zonse zitatu, popeza pulogalamu yake ndi imodzi. Kuti ndiyese MySQL 8.4 ndinachita kuiika payokha mu /opt, n'kulozetsa ya 3308 kumeneko.

Mukandifunsa lero, ya ngongole ndi ya sitolo zikanatha kukhala madatabase awiri mu MySQL imodzi, aliyense ndi dzina lake lolowera, ndipo ntchito ikanachepa. Yoyesera yokha ndiyo sindingalole kuti isakanikirane ndi zinzake.