Garaja ya ku Biwi imene inakana kunamizira ethanol

Amene muli ndi galimoto zakale za kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini) mu Lilongwe muno, garaja imene ndingakulozereni ndi ya madala ena a imvi, kuseri kwa mashopu ogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi. Si yokongola, chikwangwani chinafufutika kalekale, ndipo ntchito yawo imayenda pang'onopang'ono. Koma ndi malo okhawo amene ndinapeza munthu wofufuza kaye vuto asanatchule wolakwa.

Pikapu yanga ndi Nissan 1400, ija inkapangidwa ku South Africa, ndipo ndimanyamulira phwetekere ndi mbatata kuchokera ku Mitundu. Inayamba kuvuta kulira m'mawa, kutsamwa pamtunda, komanso kununkha petulo ikaima padzuwa. Kulikonse kumene ndinafunsa yankho linali limodzi: "Ndi petulo wa ethanol ameneyu, akupha mainjini." Wina anafuna kundigulitsa kabotolo kothira muthanki, ati kamachotsa ethanol. Zimenezo musatayirepo ndalama. Palibe mankhwala amene angasandutse ethanol kukhala petulo ali muthanki momwemo.

Madalawa atamva dandaulo langa sanatsegule injini. Anamasula paipi, n'kutapa mafuta a pansi penipeni pa thanki m'botolo loonekera mkati, n'kuliika pakhoma. Patapita kanthawi mafutawo anagawikana: pamwamba petulo, pansi madzi otuwa okhala ndi tizidutswa ta dzimbiri. "Achimwene, onani," anatero. "Injini yanu ikumwa izi." Anafotokoza kuti ethanol ndi mowa weniweni, womwe uja uli mu kachasu, kungoti wayeretsedwa, ndipo amakoka madzi. Madzi akakhala ochepa amasakanikirana ndi mafuta n'kupsa mu injini popanda vuto. Akachuluka, ethanol amasiyana ndi petulo, amagwirana ndi madziwo n'kutsikira pansi, pamene pampu imayamwa. Petulo wotsala pamwambayo nayenso amachepa mphamvu yopirira kugogoda kwa injini, chifukwa ethanol ndi amene amathandiza kukweza mphamvu imeneyi, yotchedwa octane.

Nanga madziwo anachokera kuti? Chitsekerero cha thanki yanga chinali chitatha labala, mvula inkalowa. Komanso nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, pamene tinkagona pamizere, ambirife tinamwetsa galimoto mafuta a m'zigubu, ndipo za m'chigubu amadziwa ndi mwini chigubu yekha.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti madalawa amadziwa mbiri ya nkhaniyi. Dziko lathu linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa, ku Nkhotakota, pogwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga kuchokera ku nzimbe. PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Mlingo wa ethanol mu petulo umatha kufika pa 20 peresenti, koma umatsika ngati ethanol wachepa. Choncho pikapu yanga yakhala ikumwa mafuta osakanizawa chilowereni m'dziko muno, chimodzimodzi ma Peugeot 504 ndi ma Datsun amene makolo athu ankayendetsa. Anthu a ku Britain anayamba kugula E10, petulo wokhala ndi ethanol wofika pa 10 peresenti, ngati petulo wa masiku onse mu 2021, ife tili kale zaka pafupifupi 40 m'njira imeneyi. Zikanakhala kuti ethanol amaphadi mainjini, bwenzi m'misewu mwathu mulibe galimoto yakale ngakhale imodzi.

Komatu sanamuyeretse ethanol ngati wopanda mlandu, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti ndi makaniko weniweni. Anandionetsa paipi ya labala yochokera kuthanki: kunja itang'ambikang'ambika, mkati itafewa mpaka kumasiya zakuda m'zala. Labala wa kale sanapangidwe kuti azikhala mu mowa, amatupa kenako n'kuuma. Kalabala ka m'kati mwa pampu ya mafuta kanali katabooka, ndiye gwero la fungo lija. Atatsegula kabuleta tinapeza ufa woyera pansi pa kambale kosungira mafuta, chizindikiro choti madzi ndi ethanol zinkadya chitsulocho. Ananenanso kuti ethanol amasungunula litsiro lakale la m'thanki, n'kulikankhira ku fyuluta, n'chifukwa chake fyuluta yanga inali itatseka. Ndipo kabuleta siidziwa kuti mafuta asintha. Ethanol ali ndi okosijeni wakewake, ndiye mlingo ukakwera injini imalandira mafuta ochepera pa mpweya umene ikukoka, imatentha ndi kumatsamwa. Galimoto za ma injector zili ndi kompyuta imene imasintha yokha, pomwe yanga imafuna munthu wa khutu labwino ndi sikuludiraiva.

Za kutha msanga kwa mafuta anavomerezanso. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Pa mlingo wa 10 peresenti mumataya mtunda pafupifupi 3 peresenti, pa 20 peresenti n'kuwirikiza kawiri. Ndi zoona ndithu, koma matayala ophwa mpweya ndi mapulagi otha amadya zoposa pamenepo.

Ntchito imene anagwira ndi iyi: anatsitsa thanki n'kuitsuka, anasintha mapaipi onse, pampu, fyuluta ndi chitsekerero, kenako anatsuka kabuleta n'kuitchuna injini ikulira. Pa mapaipi anakanitsitsa zija zotchipa zopanda chizindikiro zimene amadula pa mita, zina mwa izo zimakhala za madzi kapena za mpweya. Anafuna paipi yolembedwa SAE J30 R9, imene mkati mwake muli labala wopirira mowa. Anandiuza kuti ndikabweretsa ina akana kuyiika, chifukwa paipi yodontha pafupi ndi injini yotentha ndi moto.

Zodandaula zilipo. Pagarajapo sasunga zipangizo, ndiye paipiyo ndinaifunafuna ndekha m'mashopu, ndipo ogulitsa ambiri sankadziwa kuti pa paipi pamalembedwa kanthu. Galimoto inagona pomwepo nthawi yaitali kuposa imene tinagwirizana, phwetekere wina n'kuwonongeka kumunda. Risiti sapereka pokhapokha utaumirira, ndipo anyamata awo amatayira mafuta otsukira thanki pansi, mafutawo n'kumayenderera kungalande. Izi ndinawauza maso ndi maso, chifukwa ngalandeyo madzi ake amakathera mu mtsinje wa Lilongwe. Mtengo wa ntchito yawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi anyamata a pansi pa mtengo, koma sanandisinthitse chinthu chimene chinali chabwino.

Mayi akunyumba ali ndi Toyota Passo yochokera ku Japan, ndipo ndinafunsa ngati nayonso ikufunika zomwezi. Anati ayi, mapaipi ndi thanki za galimoto za masiku ano zimapirira bwino, bola kumwetsa pa malo ovomerezeka ndi kusaisiya miyezi itaima ndi mafuta ochepa muthanki. Zimene zimabwera kawirikawiri kwa iwo zili ndi matenda a ethanol ndi majenereta, mapampu a mthirira ndi njinga zamoto zimene zakhala osalira nyengo yonse ya mvula. Pa jenereta yanga anandilangiza kutseka kampopi ka mafuta isanazime, ilire mpaka kabuleta iume, ndipo petulo wotsala muthanki ndizimuthira mupikapu m'malo momusunga kudikira kuti magetsi adzazime liti.

Pikapu tsopano ikulira kamodzi m'mawa ndipo ikukwera mtunda itasenza matumba, pa petulo yemwe uja wa pa filing'i. Fyuluta anati ndikaisinthenso msanga kuposa masiku onse, popeza litsiro lotsalira m'mapaipi achitsulo likhala likutulukabe.