Kusamutsa maakaunti a kampani: seva yatsopano, ADMT kapena Entra ID?

Microsoft inasiya kuthandiza Windows Server 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023, koma alipo makampani amene Active Directory yawo, kaundula wa maakaunti a antchito ndi makompyuta, ikadali pomwepo. Musanasankhe kolowera, yambani mwaganizira za SID. Imeneyi ndi nambala imene Windows imadziwira munthu. Dzina la akaunti ndi longothandiza ife anthu. Zilolezo za mafoda ndi profile ya munthu pa kompyuta zonse zamangika pa SID, ndiye ikasintha, wantchito amalowa bwinobwino ndi dzina lake lakale koma mafayilo ake n'kumukana.

Njira yoyamba siikhudza SID n'komwe. Mumaika seva yatsopano m'domain yomweyo (gulu la maakaunti ndi makompyuta a kampani), kuikweza kukhala domain controller (seva yosunga maakauntiwo), kusamutsira maudindo asanu apadera otchedwa FSMO, kenako kutsitsa yakale. Mapasiwedi, magulu ndi Group Policy (malamulo oyendetsera makompyuta) zimatsata zokha. Misampha ilipo ndithu. Ngati SYSVOL, foda yosunga malamulowo, ikukoperedwabe ndi njira yakale ya FRS, Server 2019 ndi zobwera pambuyo pake zimakana kukwezedwa mpaka mutasamukira ku njira yatsopano ya DFSR ndi chida cha dfsrmig, ndipo mukafika gawo 3, la Eliminated, kubwerera kulibe. Server 2025 imafuna kuti domain ikhale pa mulingo (functional level) wa 2016, choncho wochokera ku 2012 R2 adutse kaye pa 2019 kapena 2022. Chimene ambiri amaiwala ndi DNS, yomwe imathandiza makina kupezana ndi mayina: maprinta ndi makina okhala ndi IP yoikidwa pamanja amapitiriza kufunsa seva yomwe mwazimitsa. Wotchi ya seva yokhala ndi udindo wa FSMO wa PDC Emulator iyang'aneninso, chifukwa Kerberos, njira yotsimikizira anthu polowa, salola kusiyana kopitirira mphindi 5.

Njira yachiwiri, ADMT 3.2, chida chosamutsira maakaunti ku domain ina, ndi ya pamene makampani awiri aphatikizana, kapena forest (Active Directory yonse ya kampani) yakale yaonongeka mosakonzeka. Apa aliyense amalandira SID yatsopano, yakaleyo n'kusungidwa mu sIDHistory. Pamafunika trust (mgwirizano wokhulupirirana) pakati pa domain yakale ndi yatsopano, SQL Server, komanso Password Export Server ngati mukufuna mapasiwedi asamuke. SID filtering, chitetezo chosefa ma SID, ikakhala yoyatsa pa trust, sIDHistory siwerengedwa ndipo mafoda onse amatsekeka. Yambani ndi magulu, kenako anthu, makompyuta pomalizira. Chidacho n'chakale ndipo Microsoft inaleka kuchikonza. Kuchigwiritsa ntchito chabe chifukwa dzina la domain silikukusangalatsani n'kudzitengera ntchito ya miyezi popanda chifukwa.

Njira yachitatu, Entra ID, kaundula wa Microsoft wa maakaunti pa intaneti, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Azure AD, si Active Directory yoikidwa pa intaneti monga ena amaganizira. Ilibe Group Policy, malamulo a makompyuta amapita ku pulogalamu ina ya Microsoft yotchedwa Intune, ndipo pulogalamu yakale ya malipiro yodalira njira zolowera za LDAP kapena NTLM singalankhule nayo mwachindunji. Chida cha Entra Connect chimatumiza maakaunti kuchokera ku Active Directory kupita ku Entra ID mphindi 30 zilizonse, ma hash (mapasiwedi obisidwa) mphindi 2 zilizonse. Musanayambe, thamangitsani IdFix, chida chofufuza zolakwika m'maakaunti, ndipo sinthani UPN (dzina lolowera looneka ngati imelo) iliyonse yothera ndi .local, apo ayi anthu adzapezeka ndi mayina othera onmicrosoft.com. Laisensi za Intune kawirikawiri zimalipidwa pa munthu aliyense, mosalekeza.

Samba, pulogalamu yaulere, imathanso kulowa m'domain ngati controller popanda laisensi ya Windows Server, kungoti SYSVOL siikopera yokha, muyenera kudziikira chida chokopera mafayilo cha rsync.

Kampani ya domain imodzi yathanzi itenge njira yoyamba, Entra Connect idzaonjezedwe pambuyo. Seva yakale muizimitse kwa masiku angapo musanaitsitse, muone chimene chidzalire.