Ma detail a DWG aja: chaka chatha, bilu yabweranso

Wogulitsa wanditumizira imelo sabata ino kuti ndilipire chaka china, m'madola monga kale, ndiye ndati ndibwerere kuno ndidzamalize nkhani yomwe ndinayamba nditangogula paketi ija. Kwa amene simunawerenge poyamba paja, ndi mafayilo a DWG (mtundu wa mafayilo a pulogalamu yojambulira ya AutoCAD) a ma detail ojambulidwa kale, kutanthauza zojambula zoonetsa mwatsatanetsatane kamangidwe ka mbali imodzi ya nyumba, a maziko, madenga, mawindo a aluminiyamu ndi masitepe, omwe timalowetsa mu Revit, pulogalamu yomwe timajambulira mapulani a nyumba, pa kaofesi kathu ku Kabwata, mu Lusaka. Ntchito zathu zambiri ndi nyumba zogona ku Chalala ndi ku Ibex Hill, ndi timashopu mwa apo ndi apo.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Mafayilo ndi aang'ono, amatsika ngakhale netiweki ikuvuta. A mawindo ndi a masitepe ndi aukhondo ndithu. Ndikawaika mu drafting view, tsamba la Revit lojambulirapo ma detail, powalumikiza ndi Link CAD amabwera bwinobwino, ndipo ndikasintha kanthu mu AutoCAD, ndimangodina Reload basi zatsopano zalowa.

Chomwe chandidyera nthawi chaka chonsechi ndi ma detail a madenga ndi maziko. Anajambulidwa m'mainchi, koma fayiloyo sinena kuti ili m'mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye khoma la mainchi 8, lomwe ndi mamilimita 203, likawerengedwa ngati mamilimita 8 limatuluka kamzere kosaoneka n'komwe. Izi zili ndi mankhwala ake, umangosankha wekha inchi pa Import Units m'malo mosiyira Auto-Detect. Koma m'kati mwa mafayilowo muli nyansi zambiri. Mafayilo ena ali ndi timizere totayika kutali kwambiri ndi chojambula chenicheni, ndipo Revit imachenjeza zinthu za m'fayilo zikatalikirana kupitirira mamailosi 20, pafupifupi makilomita 32. Ukakakamira, mizere imayamba kunjenjemera ukamayandikiza, snap, yomwe imakugwiritsa nsonga yeniyeni ya mzere, sigwira pomwe ukufuna. Vuto limeneli ndinkalidziwa kale pa mapu a masaveya, chifukwa iwo amajambula pa ma coordinate a UTM, manambala osonyeza malo pa mapu a dziko lonse, pomwe Lusaka ili mamita oposa 8,000,000 kuchokera pa ziro. Kwa saveya n'zomveka. Koma detail ya denga yogulitsidwa ndi ndalama ikukatani kumeneko?

Tsiku lomwe ndinapsa mtima kwenikweni linali la nyumba ina ya ku Chalala. Mnyamata wathu wojambula anafuna kusintha mawu awiri okha pa detail ya denga, ndiye anaichita Import kenako Full Explode, yomwe imaphwasula fayilo kukhala timizere patokhapatokha, m'kati mwa modelo yeniyeni ya nyumbayo. Anabwera n'kunena kuti, "Bwana, onani, tsopano chilichonse chikusinthika." Chinkasinthika zoona. Koma leya iliyonse ya fayilo ija inasanduka line style yakeyake, kukula kulikonse kwa zilembo kunabala text type yake, ma hatch anadzaza mndandanda, ndi ma line pattern oyamba ndi mawu oti IMPORT. Zinakhala ngati kutaya thumba la mapira mumchenga. Purge Unused, yochotsera zosagwiritsidwa ntchito, inachotsako zina, zotsalazo tinafufuta pamanja, imodziimodzi, magetsi atapita, inveta ikulira kuti batire yatsala pang'ono, m'mawa mwake mapulani akuyenera kupita ku khonsolo. Sindinamukalipire kwambiri mnyamatayo, chifukwa fayilo yokonzedwa mwaulemu siikhala ndi maleya ochuluka chonchija pa kadenga kamodzi.

Kuyambira pamenepo lamulo pa ofesi ndi limodzi. Fayilo iliyonse yochokera kunja iyambe yalowa mu AutoCAD, iyeretsedwe ndi AUDIT, PURGE ndi OVERKILL, zofunikazo zitulutsidwe mu fayilo yatsopano ndi WBLOCK pafupi ndi 0,0, poyambira pa chojambula. Kenako timailumikiza mu fayilo ina ya Revit yapadera, n'kujambula pamwamba pake ndi mizere yathu, ndipo chomwe chimalowa mu polojekiti ndi chathucho. Zimatheka. Koma taonani pomwe tafika: ndikulipira kuti ndizijambulanso ndekha.

Komanso kunena zoona, ambiri mwa ma detail amenewa si akuno. Muli makoma a matabwa, madenga a tizidutswa tosanjikiza totchedwa shingle, ndi maziko ozama poopa kuti nthaka iuma ndi chisanu. Ife timamanga ndi mabuloko a simenti, malata a IBR, DPC yotchinga chinyezi ndi mankhwala a chiswe pansi pa silabu. Nkhawa yathu ku Lusaka ndi mwala womwe uli pafupi ndi pamwamba, ndi madzi okwera nthawi ya dzinja. Za zimenezo mulibe ngakhale tsamba limodzi.

Masiku ena ndimaikonda paketiyi. Mwezi watha detail ya sitepe yachitsulo inandipulumutsa, wowotcherera anaimva osandiimbira foni ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo mukanandifunsa ndikanati gulani.

Koma nkhani yatsala pa ndalama. Revit yeniyeniyo ndi yolipira chaka ndi chaka, popeza Autodesk, kampani yomwe imaipanga, inasiya kugulitsa malaisensi okhalitsa mu 2016, ndiye bilu ya madola ndili nayo kale imodzi pomwe makasitomala anga amalipira makwacha, enanso mochedwa. Wogulitsa paketiyu ndinamulembera kalekale kupempha mafayilo a mamilimita. Anayankha mwaulemu kuti akubwera posachedwa. Sanabwere. Nditamutumizira zithunzi za timizere totayika tija anangoti zikomo. Tsopano mtengo wakwera, ndipo za kugula mbali imodzi yokha sananenepo.

Ndamulemberanso kuti ndili wokonzeka kulipira mawindo ndi masitepe okha, pa theka la mtengo. Akakana kapena akangokhala chete mpaka tsiku lolipira, ndisiya, ndipo ndalamayo ndimuwonjezera mnyamata uja kuti atijambulire ma detail athuathu a mabuloko ndi malata.