Kakiti ka electronic ignition pa Datsun 620, muyambe ndi aka musanaganize za penti

Anthu ambiri akangogula pikapu yakale mtima umathamangira penti ndi marimu onyezimira, mapeto ake galimoto imangokhala pabwalo yokongola koma osalira. Ine ndimati ndalama yoyamba ipite ku moto wa injini, ndiye lero ndikambeko za kakiti kolowa m'malo mwa mapointi komwe ndinaika pa Datsun 620 yanga, ya injini ya L18. Ma 620 ankapangidwa kuyambira 1972 mpaka 1979, ndiye mukudziwa kale kuti distilibyuta yake, chija chogawa moto ku mapulagi, yazungulira mokwana.

Kwa amene mukungoyamba kumene, mapointi ndi tizitsulo tiwiri mkati mwa distilibyuta timene timatseguka ndi kutsekeka shafiti ikamazungulira, tikatseguka koilo imaponya moto ku pulagi. Vuto ndi loti kapulasitiki kokhuzana ndi shafiti kamadyeka pang'onopang'ono, gapu yomwe imayenera kukhala pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm imachepa, taimingi (nthawi yomwe moto umafika ku pulagi) imatsalira, tizitsulo tija timapsa nkuchita timabowo, kenako m'mawa kukazizira mumangomva sitata ikulira yokha mpaka batire kutha.

Kakitika kalibe zokhuzana zimenezo. M'bokosi mumapeza kamphete kakuda kokhala ndi maginito anayi, imodzi pa silinda iliyonse, kasensa kokhala pa kapuleti kake, tisikuluu, ndi kapulasitiki koyezera mpata pakati pa mphete ndi sensa. Maginito ikadutsa, sensa imadula moto ngati mmene ankachitira mapointi, koma palibe chikukhula chinzake ndiye palibenso chodyeka. Dzina lomwe ambiri amalidziwa pa zinthuzi ndi Pertronix Ignitor, kanga ndi ka kampani ina koma kagwiridwe kake nkomweko.

Kuika sikovuta ayi, simukufunikanso kuzula distilibyuta. Mumachotsa kapu ndi rota, kumasula mapointi ndi kondensa, kumanga kapuleti katsopano pamalo pomwepo, mphete ija mumaikankhira pansi pa shafiti mpaka ikhale phee, rota pamwamba pake. Mawaya ndi awiri basi, wakuda ku negetivi ya koilo, wofiira ukufuna ma 12 volts athunthu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa galimoto zimenezi zimakhala ndi ballast resistor, kachinthu koyera ngati dothi lowotcha pafupi ndi koilo, kamene kamatsitsa mphamvu, ndiye wofiirayo mumulumikize mbali yochokera ku kiyi osati yopita ku koilo. Mukamaliza bwerekani timing light, tochi yoonera taimingi, muikenso taimingi, imasuntha ndithu, musamangodalira khutu abale.

Zotsatira zake? Kungokhudza kiyi yalira. Pa aidulo injini inasiya kunjenjemera kuja, giya liva sikuvinanso yokha. Koma za mphamvu musanamizidwe ndi zolemba pa bokosi, pikapu sinasanduke ya mpikisano, yangobwerera mmene imayenera kukhalira mapointi ali atsopano, kusiyana kwake nkoti ikukhala choncho osasintha. Kwa ine chimenecho nchokwanira.

Zondinyansa ziliponso. Mawaya anabwera aafupi moti ndinachita kulumikiza ena, karabala kotsekera pomwe waya amatulukira m'distilibyuta sikankakhala bwino, ndipo kapepala ka malangizo zilembo zake mpaka kuwalitsa tochi ya foni masana, chithunzi chake cha galimoto ina kumene. Chinanso, timakiti tamtunduwu sitifuna muzisiya kiyi ali on injini isakulira, timatentha nkupsa, ndiye ngati mumakonda kumvera wailesi mutaima ikani kiyi pa ACC, pomwe wailesi imalira koma moto wa injini uli wozimitsa. Ndipo kakafa kamafa kamodzinkamodzi, mapointi amayamba akudandaulirani kaye, mumatha kuwapala ndi sandipepa pambali pa msewu nkukafika kunyumba.

Musanagule gwirani shafiti ya distilibyuta muigwedeze uku ndi uku, ngati ikusewera ndiye mabushi anatha, kakiti sikangakonze zimenezo, mphete ikhoza kumakhula sensa. Yamwani kapaipi ka vacuum advance, kachinthu ka pambali pa distilibyuta kosuntha taimingi, muone ngati puleti ya mkati mwa distilibyuta ikusuntha, ambiri rabala wamkati anang'ambika kalekale eni ake osadziwa. Komanso yezani kompuresheni, masilinda onse anayi akhale oyandikana, imodzi ikatsalira kwambiri vuto ndi mavalavu kapena maring'i, ndiye ndalama yanu ili ndi kopita kwina kaye. Kabureta yodzadza zinyalala nayonso ilibe nazo ntchito kuti moto wanu ndi wamakono.

Ndingakauzenso munthu kuti agule? Eya, makamaka amene simukonda kumangotsegula boneti ndi feeler gauge yoyezera gapu m'manja. Kungoti ikangoyamba kulira bwino musathamange nayo, ma 620 ambiri ndi a mabuleki a dramu mawilo onse anayi, mapaipi ake a rabala ndi okalamba, ndipo dzimbiri la pa chasisi ndi pansi pa mapazi likudikira. Mapointi akale ndi kondensa musataye, akulungeni m'kansalu pamodzi ndi tisikuluu take ndi sikuludiraiva muike mu kabati ka pa dashibodi.