Manga, makomiki a ku America ndi a ku France: ndani amayankhula ngati munthu?

Amene akufuna kuyamba kuwerenga makomiki amakonda kufunsa kuti zithunzi zokongola zili kuti. Zithunzi zimakopa patsamba loyamba lokha. Chimene chimakusunga mpaka kumapeto ndi mawu a m'timabaluni, timizere tozungulira zimene anthu a m'nkhani akuyankhula, ngati akumveka ngati a munthu wamoyo kapena ngati a wowerenga nkhani pa wailesi.

A ku France ndi Belgium tithane nawo msanga. Buku limodzi limakhala ndi masamba pafupifupi 48, chikuto cholimba, nkhani yothera momwemo. Nthabwala zake zambiri zimadalira kusewera ndi mawu, ndiye womasulira akakhala wofooka palibe chotsala. Asterix, komiki wa ku France yemwe anayamba mu 1959, anachita mwayi m'Chingerezi chifukwa Anthea Bell ndi Derek Hockridge ankapeka nthabwala zatsopano m'malo momasulira liwu ndi liwu.

A ku America, a makampani a Marvel ndi DC, ndi amene ndili nawo chifukwa. Kabuku ka mwezi ndi mwezi kamakhala ndi masamba a nkhani pafupifupi 20 okha, mtengo wake $4 kapena $5. Vuto lalikulu limabisala patsamba lomaliza. Nkhani yafika pokoma, kenako akukuuza kuti ipitirira m'kabuku ka munthu wina amene sunamuwerengepo, ndipo ikachoka kumeneko ilowa m'kachitatu. Amati crossover. Unaganiza zogula timabuku 6, ukupezeka ukufunika 15 kuti umve chimene chinachitika. Kumeneku ndi kugulitsa nsima kwina, ndiwo kwina, mchere kwinanso. Choipa kwambiri n'chakuti zimaononga mayankhulidwe: popeza wolemba akudziwa kuti ena sanawerenge gawo lapitalo, amakakamiza anthu a m'nkhani kukumbutsana zinthu zimene onse akuzidziwa kale. Ndani amauza mchimwene wake dzina la bambo awo ali pakati pa ndewu? M'makomiki akale munthu amaponya chibakera chimodzi kwinaku akuyankhula ziganizo zitatu. Olemba ena a masiku ano, monga Brian Michael Bendis, anabweretsa kudulana mawu ndi kubwereza kwa macheza enieni, koma nawonso nthawi zina tsamba lonse limathera pa "eti?" ndi "eya". Ngati mtima uli kumeneko, dikirani buku lophatikiza timabuku 5 kapena 6.

Manga, makomiki a ku Japan, ndi imene ndimaikira kumbuyo. Ndi yakuda ndi yoyera, imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo buku la masamba pafupifupi 190 ndi $10 mpaka $12. Nthawi zambiri wolemba amakhala mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, motero munthu wa m'nkhani sasintha lilime pakati pa ulendo. Malo ndi ambiri, choncho bokosi lathunthu limatha kukhala ndi liwu limodzi kapena kungokhala zii.

Mphamvu yake yeniyeni ili m'Chijapani. Mnyamata wodzimva amadzitchula "ore", wofatsa "boku", waulemu "watashi", ndipo pa dzina la mnzake amawonjezera -san, -kun kapena -chan. Tsiku limene wasiya kuwonjezera, owerenga amadziwa kuti ubwenzi wafika pena. Chingerezi chili ndi "I" ndi "you" basi, zonsezi zimafafanizika. Ife a Chichewa timazimva bwino: mtsikana amene wakhala akuti "inu" akangoti "iwe", kapena mwana akachotsa "a" pa dzina la amalume ake, nkhani yasintha osafotokoza chilichonse.

Chilema cha manga ndi zomasulira zaulere za pa intaneti. M'manga Chijapani chimalembedwa chotsika, ndiye timabaluni take ndi tatitali, topapatiza. Womasulira wothamanga amadula mawu pakati kuti akwane, ndipo wakuba, mfumu ndi mwana wa sukulu onse amayankhula mofanana. Bandulo yatha, nthabwala sunaimve. Zomasulira zovomerezeka, monga za pa MANGA Plus ya kampani ya Shueisha, zimakhala bwinoko.

Kwa amene akujambula katuni ya Chichewa, phunziro la manga ndi lothandiza kuposa la ku America. Olemba a Chingerezi amati baluni imodzi isapyole mawu pafupifupi 25, koma mawu athu ndi aatali: "sindinakakuuzeni" yekha wadya mzere wonse, ndiye 12 mpaka 15 akwanira. Lembani mawu kaye, kenako jambulani baluni mowazungulira. Mukayamba ndi baluni mudzapanikiza zilembo mpaka zosawerengeka pa foni. Kondakitala asanene kuti "Kodi mukupita kuti, bambo?" pamene pa depoti amangoti "Ya kuti, bwana?" Anyamata apatseni "aise", "bho" ndi "chani", agogo muwasiyire "chiyani" wathunthu. Koma musadzaze chilichonse ndi mawu a m'tauni, chifukwa amakalamba msanga ndipo wowerenga wa ku Chipata kapena ku Tete sangamve za ku Ndirande zonse. Liwu limodzi lotere pa baluni ndi lokwanira, ndipo baluni iliyonse iwerengeni mokweza musanaidinde ndi inki.