Tikka T3x Lite ya .308: mfuti ya mlenje, osati ya kunkhondo

Anthu ambiri akamva za mfuti amangothamangira AR-15 poti imafanana ndi yomwe amaiona ndi asilikali a ku America, koma ngati cholinga chanu ndi kusaka nyama, ine ndikuti Tikka T3x Lite yoombera chipolopolo cha .308 Winchester ndiye yabwino zedi. Imapangidwa ndi kampani ya Sako ku Finland, imalemera pafupifupi makilo 3 basi, ndipo bolt yake, chitsulo chomwe mumakoka ndi dzanja, imayenda mofewa moti simulimbana nayo polowetsa chipolopolo china.

Chipolopolo cha .308 chinatuluka mu 1952, ndi pachibale ndi 7.62x51 chomwe NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko a azungu, inatenga mu 1954, chija ankaombera mu mfuti ya asilikali ya FN FAL, ku Joni ankaitcha R1. Kenako asilikali anasamukira ku 5.56, chipolopolo cha AR-15 ija, chifukwa ndi chopepuka, munthu mmodzi amanyamula zambiri komanso mfuti siimenya phewa kwambiri ukamaomba motsatizana. Zimenezo nzofunika kunkhondo eya, koma mlenje amafuna chipolopolo chimodzi chokha chogwetsa nyama pompo kuti isavutike, ndiye kamutu ka magalamu 4 ka 5.56 sikangafanane ndi ka .308 kolemera pafupifupi magalamu 10, makamaka pa nyama yaikulu ngati ngoma. Ngakhale asilikali a ku America mu 2022 anasankha chipolopolo cha 6.8x51 cha kampani ya SIG Sauer pofuna mphamvu yoonjezera.

Chomwe sindikondwera nacho pa Tikka imeneyi, poti ndi yopepuka imamenya phewa ndithu, ndipo magazini yake imangolowa zipolopolo 3. Mpope wake ndi woonda, umatentha msanga mukaomba kangapo osapumira.