Kashopu ka ku Kamwala kosamutsa matepi a nthabwala zakale kuwaika pa fulashi

Pakati pa mashopu a nsalu, mapoto ndi zipangizo zamagetsi ku Kamwala, mu mzinda wa Lusaka, pali kashopu kokonza mawailesi ndi ma TV, ndipo mwini wake amagwiranso ntchito yosamutsa zomwe zili pa matepi a VHS kuziika pa fulashi. Ambiri amene amafika kumeneko amanyamula matepi a ukwati, a maliro kapena a tsiku lomaliza maphunziro. Ine ndinapita ndi katoni ya matepi amene amalume anga ankajambula kunyumba kwawo ku Matero m'zaka za m'ma 1990, ndipo chimene ndinkafuna kupulumutsa kwenikweni ndi timasewero tanthabwala tija totsanzira mapulogalamu a zokambirana a pa kanema. Ntchito ya pa kashopuka ndi yabwino ndipo ndikuiyamikira, koma pali zinthu zofunika kuzinena momveka musanasiye tepi yanu, chifukwa mukapanda kutero mudzalandira chinthu chooneka chamakono chimene chataya theka la nthabwala zake.

Amene anabadwa mafoni atafala ayenera kudziwa chifukwa chimene matepi amenewa alili ofunika. Kanema anayamba mu Zambia mu 1961 ku Kitwe, ndipo bungwe la boma loulutsa mawu ndi kanema la ZNBC linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, m'nyumba zochuluka za mu Lusaka munalibe kanema wina woti munthu asankhe, choncho zimene zinkaulutsidwa kuchokera ku likulu la ZNBC la Mass Media Complex pa msewu wa Alick Nkhata zinkaonedwa ndi komboni yonse nthawi imodzi. Aliyense ankadziwa kakhalidwe ka woyendetsa pulogalamu pampando, kapendeketsedwe kake ka mutu mlendo akamayankha, ndiponso mawu amene ankatsegulira ndi kutsekera nawo. Wanthabwala akangokhala pampando n'kupinda mwendo mwa mtundu womwewo, anthu ankayamba kuseka iye asanatsegule pakamwa. Ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1991, zokambirana za pa kanema zinachuluka, alendo ochokera m'maunduna ndi m'zipani anachulukanso, ndipo ochita zisudzo anapeza munda wachonde. Komabe lamulo loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko, lomwe linali mu gawo 69 la malamulo a milandu ndipo chilango chake chinkafika zaka zitatu m'ndende, linakhalapobe mpaka mu Disembala 2022. Ndikuganiza kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nthabwala za nthawi imeneyo zinkalunjika pa mpando, pa tebulo, pa kalankhulidwe ndi pa mkulu wopanda dzina wa ku unduna wosatchulidwa, m'malo molunjika pa munthu weniweni. Luso lawo linakulira m'malire amenewo, ndipo linakula bwino.

Nthabwala za m'badwo wotsatira, monga za Bikiloni ndi Difikoti kapena za Dorika, munthu amazipeza mosavuta pa YouTube ndi pa Facebook. Zakale zija, makamaka za magulu ang'onoang'ono amene ankasewera m'maholo a m'makomboni n'kuonekera pa kanema mwa apo ndi apo, zambiri zili m'makatoni pansi pa mabedi, ndipo zikuwonongeka chaka ndi chaka. Tepi ya VHS ndi kansalu kapulasitiki kopyapyala kopakidwa tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo kutentha kwa mu Okutobala pamodzi ndi chinyezi cha dzinja zimafooketsa zomatira zake. Makina owerengera matepiwa, amene timati madeki, nawonso akutha. Kampani ya JVC inatulutsa VHS mu 1976, ndipo kampani ya Funai, yomwe inatsala yokha kupanga madeki, inasiya mu 2016, kotero kuti deki iliyonse imene ikugwira ntchito lero ikudalira munthu wodziwa kuikonza ndi zipangizo zochotsa m'madeki ena akufa.

Apa ndi pamene mwini kashopuka amasiyana ndi anyamata ambiri okopera nyimbo ndi mafilimu m'misika. Iye ndi wokonza madeki kuyambira kale, ndipo salowetsa tepi m'makina asanaione. Anatenga yanga yoyamba, anatsegula kachitseko kake ndi chala, anaipendeketsa pawindo, kenako anandionetsa timadontho toyera tokhala ngati ufa m'mbali mwa mpukutu wa tepiyo.

"Iyi yachita chuku, mayi," anatero. "Ndikaiika chonchi m'deki, mitu yowerengera tepi idetsedwa, ndipo matepi a anthu ena onse atenga matendawa. Muilole ikhale kaye kuno ndiipukute."

Ali ndi deki ina yakale yopanda chivundikiro imene amaigwiritsa ntchito popukutira basi. Tepi imayenda pang'onopang'ono iye atagwiriza kansalu kofewa konyowetsedwa ndi spiriti, ndipo akafika kumapeto amaibweza n'kuyambiranso. Tepi ina inali itaduka pafupi ndi poyambira, ndipo anamasula zomangira za kabokosi kake, anadula mbali yokwinyika, n'kulumikiza bwinobwino. Anandiuziratu kuti pamalo olumikizawo patayika masekondi angapo, ndipo anataikadi. Kunena zoona kotereku ntchito isanayambe kunandichititsa kumukhulupirira pa zina zonse.

Musayembekezere kudikira pompo n'kubwerera ndi fulashi yanu. Kusamutsa tepi kumatenga nthawi yofanana ndi kuionera, choncho tepi ya E-180 imadya maola atatu, ndipo ngati inajambulidwa pa liwiro lochepa la LP, monga ankachitira amalume anga pofuna kusunga ndalama, imadya maola asanu ndi limodzi. Magetsi akazima pakati, ntchito imayambiranso poyamba. Mwini shopu anandiuza kuti chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima nthawi yaitali, anagula batire ndi invata kuti deki ndi kompyuta zisamaime, ndipo n'zimene zikuyendetsa mbali imeneyi ya bizinesi yake. Amalipiritsa pa tepi, osati pa ola, zomwe zimakomera eni matepi a LP, ndipo kupukuta tepi yochita chuku kuli ndi mtengo wake wapadera umene amautchula asanayambe.

Zimene zinatuluka pa matepiwo zinandikumbutsa kuti anthu aja ankapenyetsetsa kwambiri asanatsanzire. Mu sewero lina, woyendetsa pulogalamu wavala jekete yomukulira ndi tayi yofika m'mawondo, ndipo pakati pa iye ndi mlendo pali tebulo laling'ono lokhala ndi maluwa apulasitiki aatali kwambiri moti awiriwo amasuzumirana cham'mbali. Funso lake loyamba ndi lalitali, la Chingelezi chapamwamba, lodzaza ndi mayina a misonkhano imene iye mwini anapitako, ndipo pamene akulimaliza mlendo wayamba kuwodzera. Mlendoyo, mkulu wa ku ofesi ina ya boma, amayankha funso lililonse, kaya la mtengo wa ufa kaya la maenje a mumsewu, ndi mawu amodzimodzi akuti nkhaniyo ikuunikidwa ndipo komiti yakhazikitsidwa. Akafunsidwa dzina lake, amayamba kunena kuti nalonso likuunikidwa, n'kudzidzimuka pakati pa chiganizo. Kenako imafika nthawi ya mafoni, ndipo apa ndi pamene sewerolo limafika pachimake. Woimba foni woyamba sakumva chifukwa TV yake ili pamwamba, ndipo woyendetsa pulogalamu amamupempha mwaulemu kuti achepetse mawu, kachiwiri mwaulemu wocheperapo, kachitatu m'Chinyanja cha pamsika, Chingelezi chija chitathawa. Wachiwiri alibe funso, akungofuna kupereka moni kwa achibale ake a ku Chipata, a ku Katete ndi a ku Petauke, mmodzimmodzi, mpaka ng'ombe. Kumbuyo kumamveka kuseka kwa anthu enieni m'holo, ndipo mayi wina amaseka mochedwa, anzake atatha kale, zomwe zimachititsa mlendo uja kuluma mlomo kuti naye asaseke.

Chimene ndinachizindikira poonera n'chakuti nthabwala zimenezi sizinali zachipongwe. Woyendetsa pulogalamu amanyogodoledwa chifukwa cha kudzikonda, koma pomaliza ndiye amene akuyesetsa kupeza yankho m'malo mwa anthu, ndipo wopereka moni uja amasekedwa mwachikondi, chifukwa aliyense m'holomo ali ndi achibale kumudzi amene sanawaone zaka zambiri.

Tsopano ndifike pa zolakwika, chifukwa zilipo ndipo n'zazikulu. Kompyuta ya pa shopupo imayendetsedwa ndi mnyamata wothandizira, waluso ndi waulemu, koma wozolowera makasitomala ofuna kuti ukwati wawo udzaze TV yaikulu ya pabalaza. Pa matepi oyambirira anatambasula chithunzi kuchoka pa muyeso wakale wa 4:3 kupita pa 16:9 wa ma TV otambalala, ndipo nkhope zonse zinafufuma cham'mbali. Kwa sewero lodalira kukweza nsidze ndi kupotoza mlomo, kumeneko n'kuwononga ntchito ya wosewera. Anachepetsanso kwambiri kukula kwa mafayilo kuti akwane pa fulashi yaing'ono, moti jekete yamizeremizere ya woyendetsa pulogalamu inasanduka timabokosi tovina. Chithunzi cha VHS n'chofooka kale poyerekeza ndi chimene chimaulutsidwa pa kanema, ndipo sichipirira kufinyidwa kawiri.

Cholakwika chachikulu koposa chinali chochokera mu mtima wabwino. Atamva kuti ndikufuna nthabwala, mnyamatayo anadula zina zonse: zotsatsa malonda, nkhani zamadzulo, zigawo za pulogalamu ya zisudzo ya Play Circle zimene zinali pa tepi yomweyo, ndiponso mapulogalamu enieni a zokambirana amene amalume anajambula. Koma sewero lotsanzira limafuna chotsanziridwacho chikhale pafupi. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali ku sekondale, ataonera sewero la maluwa apulasitiki lija palokha anangomwetulira mwaulemu. Ataona kaye mphindi zingapo za pulogalamu yeniyeni, tebulo lake, maluwa ake, mlendo wake wozemba mafunso, ndi woimba foni weniweni amene TV yake inkalira, anabwerera ku sewero lija n'kuseka mpaka misozi. Popanda zinazo, mwana wa lero amaona bambo wovala tayi yaitali basi.

Nditabwerera kukafotokoza zimenezi, mwini shopu sanakane kapena kukankhira mlandu kwa mnyamata wake pamaso panga. Anafunsa kuti, "Ndiye mukufuna tepi yonse monga ilili, ngakhale pamene pali timadontho tokhatokha popanda chithunzi?" Nditavomera, anabwereza matepiwo popanda kulipiritsanso, chithunzi chili pa muyeso wake wakale ndi mizere yakuda m'mbali, mafayilo ali aakulu. Pa matepi a LP, amene chithunzi chake chinkanjenjemera ndi kutulutsa mzere woyera m'munsi, anakhala pafupi ndi deki n'kumakonza tracking, kagwirizanidwe ka tepi ndi mitu ya deki, ndi dzanja mpaka mzerewo utatsika. Mawu anatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, ngakhale pali kaphokoso kosalekeza kapansipansi kamene iye anati akhoza kukachotsa. Ndinakana, chifukwa pa kachigawo kamene anayeserapo, kuseka kwa anthu a m'holo kunamveka ngati kukuchokera m'chitini.

Pali zina ziwiri zing'onozing'ono zimene sanazikonze. Mafayilo amatuluka ndi manambala okha, opanda dzina kapena chaka, choncho lembani nambala pa tepi iliyonse ndi kujambula ndi foni zolembedwa pa chikuto chake musanaipereke, kuti mudzathe kugwirizanitsa. Shopuyo sisunganso mafayilo a makasitomala kwa nthawi yaitali chifukwa kompyuta yake ilibe malo okwanira, kotero fulashi ikatayika ntchito yonse iyenera kuyambiranso, ndipo tepi yofooka mwina siingapirire ulendo wina m'deki. Koperani mafayilowo pamalo awiri tsiku lomwelo, ndipo matepi enieniwo musawataye.

Mubwere ndi fulashi yanu yaikulu, yosachepera 32 GB ngati matepi ndi angapo. Funsaninso za mtundu wa fulashiyo, chifukwa yokonzedwa mwa FAT32, imene ma TV ambiri amawerenga mosavuta, silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo tepi yaitali iyenera kugawidwa pawiri. Mnyamata uja amadziwa kugawa, koma muuzeni agawe pakati pa mapulogalamu, osati pakati pa sewero. Amene ali ndi matepi oterewa ku Chilenje, ku Kabwata, ku Mtendere kapena kwina kulikonse, ndikuwalimbikitsa kuwatulutsa mvula isanayambe, kuwaona pawindo ngati ali ndi timadontho toyera, ndi kuwapereka kwa munthu wotsegula deki ndi manja ake ngati ameneyu, atanena momveka kuti akufuna tepi yonse, pa muyeso wake wakale, yosadulidwa paliponse.